Akamwini ndinawalembetsa ngati mlendo

Ndinanama ine, ee, ndinanamadi! Chaka cha kalembera ndinali ku Embakasi, mumzinda wa Nairobi ku Kenya, kulera mdzukulu kwa mwana wanga Esinati. Wolemba anthu anafika eni nyumba ali kuntchito, nafunsa kuti mutu wa banja ndani. Ndinadziguguda pachifuwa.

"Nanga bambo?"

"Akamwini? Mgeni!" Mlendo, m'Chiswahili changa chochepacho. Munthu wolipira lendi, wondikweza ndege!

Dzana Esinati akuti, "Amayi, mayiko ena mapepala a kalembera akakalamba amawatsegula, aliyense awerenge."

Ndinatsamwa tiyi. Si paja wolemba anthu uja anandilonjeza chinsinsi?

Atsegule, awerenge, alengeze pawailesi! Kwathu mkamwini ndi mlendo, ngakhale amange nyumba yosanja. Sindipepesa ine. Kungoti nkhuku ikaphedwa, ntchafu zonse ziwiri ndimatumiza kwa alendowo.