Mabatire a Amalume

Ndili pamzere wa magalimoto ku Kwinana, kuno kutsidya kwa nyanja, wailesi yaika nyimbo ya roko yakalekale. Magitala akulira mosasa mawu, ndipo phazi langa lakana kukhazikika.

Ndili mwana, amalume atabwera kuchokera ku Joni, ankaliza kaseti yotereyi pakhonde, akuyendayenda ngati pansi pakuwotcha. Ine ndinkadziwa kuti wailesi ikasasa mawu, ndiye kuti mabatire atha. Tsiku lina ndinawachotsa n'kukawayanika padenga lamalata mpaka anayamba kununkha phula.

"Amalume, tsopano iimba bwino," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, mabatire alibe mlandu. Umu ndi mmene amalirira munthu wofuna kuchoka."

Mvula isanagwe anapitanso, osabwerera. Lero chikwama changa chopitira kuntchito kumgodi chimakhala chomangamanga pakhomo, ndipo kulira kuja sindifunanso wondimasulira.