Tsiku limene achimwene anamenyera mpira m'chinangwa

Achimwene anga ankasewera kumbuyo m'timu ya ku Fíngoè, koma anthu akwathu sankakondwa nako kaseweredwe kawo. Kwathu defeza, wosewera kumbuyoyo, wabwino ndi uja woti mpira ukangomufika amaumenya ndi mphamvu zake zonse, mpaka ukagwe m'munda wa chinangwa kuseri kwa kampu, bwalo lathu la mpira. Zikatero amayi nthungululu, anyamata fumbi koboo! Achimwene sankatero. Mpira anauphunzira ali mwana ku Zambia, kumene makolo athu anathawira nkhondo. Ankalanda mpira mwakachetechete, kudzutsa mutu, n'kupatsira mnzawo pansi. Anthu ankati ndi mantha. "Wa ku Zambia uja akuopa kuthyoka mwendo," ankatero, chonsecho wapagolo wathu ankangoyasamula posowa chochita.

Chaka china kunamveka kuti kukubwera bambo wina wa timu ya mumzinda wa Tete, ija yolemba osewera ntchito, kudzaonera masewero athu ndi a ku Malowera. Achimwene ankadziwa kuti akapanda kutengedwa, chotsala ndi maenje a golide kumene anzawo onse anathera.

M'mawa wa tsikulo kunabwera amalume, amene anatilera bambo atamwalira. Mpira sanaugundepo chibadwire, koma pakamwa anali katswiri.

"Iwe, lero usatichititse manyazi," anatero. "Bwana wachokera kutali kudzaona mwendo wa mwamuna, osati zoponyerana ngati atsikana pa fulaye. Ukaupeza, chotsa!"

Achimwene sanayankhepo amalume mwamwano ndi kale lonse. Anangoti, "Ndamva, amalume."

Ine ndinali m'mbali mwa kampu ndi ndowa ya madzi a osewera. Mpira woyamba utawafika, ndinawaona akudzutsa mutu monga mwa masiku onse. Mnzawo anali poyera, akukodola. Kenako khamu linakuwa kuti chotsa, iwo n'kuumenya mpaka m'chinangwa. Kampu yonse inaphulika. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu unakakodwa mumtengo wa mango. Amalume ankathamanga uku ndi uku, chipewa m'manja, kuuza aliyense kuti ameneyo ndi mwana wa mlongo wawo. Ine mtima unkandiwawa, chifukwa amene ankasewerayo sanali achimwene amene ndinkawadziwa.

Masewero atatha, bambo wa ku Tete uja anawaitana pafupi ndi pamene ndinaima.

"Ndinamva kuti kuno kuli defeza woganiza, wodziwa kupatsira. Ndiwe?"

"Ndine, bwana."

Bamboyo anapukusa mutu. "Omenya chonchi ku Tete tili nawo ambirimbiri." Anakwera galimoto yake osatenga munthu.

Achimwene asanameze n'komwe mawuwo, anyamata anafika n'kuwanyamula pamapewa, kuzungulira nawo msika wonse akuimba. Ndinawaona ali m'mwambamo, nkhope ili gwaa, ngati munthu wochokera kumaliro.

Lero achimwene amakumba golide. Msana unapindika, ndipo akamatsokomola usiye kudya. Kukampu sapondako. Amalume sindinawakhululukire, ndipo sindibisa. Akadwala ndimawaphikira phala, koma nkhani ya mpira akaiyamba ndimatuluka panja. Chimene chimandipsetsa mtima koposa n'chakuti mukafunsa aliyense ku Fíngoè za achimwene, adzakuuzani mosangalala kuti munthu uja anasewera bwino tsiku limodzi lokha, lija anabwera bwana wa ku Tete.