Thandala Lopitirira Mpanda

Atanditumiza kukaphunzitsa ku Mangochi ndinanyamula mbewu za magalagadeya m'kapepala, zochokera kwathu ku Thyolo. Anzanga a kuntchito anandiseka. Ankati ndi dzuwa la kunyanja, chomera cha kumapiri chipserera chisanafike m'mawondo. Koma ine mukandiuza kuti chinthu sichingatheke, ndiye kuti mwandituma.

Nyumba imene tinkachita lendi inagundizana ndi ya banja lina la Chisilamu, bambo wogulitsa usipa ndi mkazi wake. Pakati pathu panali mpanda wa bango. Ndinazika nsanamira zinayi pafupi ndi mpandawo, poti mpamene pankafika kamthunzi masana, n'kuyala nsungwi pamwamba kuti chomera changa chiziyangapo. Thandala limenelo linapitirira mpanda ndi mkono wathunthu, ndipo ndinkanyadira kutalika komweko. Madzi onse otsukira mbale ankathera patsinde pake. Chaka chachiwiri chomeracho chinakuta thandala lonse, chinachita maluwa, zipatso n'kuyamba kulendewera. Aliyense amene anandiseka ndinkamuitanira kunyumba kuti adzaone.

M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho bambo wa usipa uja anamwalira, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo. Titabwerako kumaliro, mkazi wanga anandiuza kuti mayi wamasiyeyo walowa eda. Kwa miyezi inayi ndi masiku khumi sachoka pakhomo, ndipo mwamuna amene si m'bale wake sayenera kumuona. Ndinangoti "chabwino". M'mutu mwanga zinali za eni, zosandikhudza.

Patatha masabata atatu kunawomba mwera wamphamvu umene unakanganula nthambi zina pamwamba pa thandala. Loweruka m'mawa ndinatenga luzi, n'kukwera pampando kuti ndizimange. Nditaweramuka, mutu wanga unali pamwamba pa mpanda. Mayi uja anali pamkeka m'bwalo mwake, mpango uli pamiyendo, akuumitsa tsitsi padzuwa. Maso athu anakumana.

Munthu wanzeru akanangotsika mwakachetechete. Ine, poleredwa kuti munthu sumupitirira osamupatsa moni, ndinatsegula pakamwa.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

Anaphimba mutu ndi manja onse awiri n'kuthawira m'nyumba. Pakhomo pa khitchini panaima mlongo wa malemu uja, atagwira chikho, akundiyang'ana.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali m'kamwam'kamwa. Mkazi wanga anaitola kumjigo. Anatula ndowa, osakhala n'komwe pansi.

"Akuti mumacheza nawo pampanda m'mawa uliwonse. Akuti thandalali munalitalikitsa dala. Akuti mayi aja ayamba kale kuseka ndi amuna dothi la kumanda lisanaume."

Ndinapsa mtima. Ndinalalata kuti anthu a kuno alibe chochita. Iye anangondiyang'ana n'kunena kuti safunsa anadya phula.

Lamulungu masana kunabwera mkulu wake wa malemu, bambo wa ndevu zoyera, wolankhula motsitsa. Ndinamupatsa mpando womwe uja. Asanamalize n'komwe kufotokoza, ine ndinali nditayamba kale.

"Bambo, thandalali lili m'bwalo mwanga. Ndinalimanga achimwene anu ali moyo, ndipo sanadandaulepo. Moni ndi mlandu?"

"Aphunzitsi, sindinabwere kudzakangana nanu," anatero. "Ine ndikukhulupirira kuti simunadziwe. Koma kubanja kwathu si onse akuganiza ngati ine. Lachisanu tikachoka kumzikiti tikhala pansi. Ena akuti alamu angawa abwezedwe kwao asanamalize eda. Mkazi wobwezedwa chonchi, mukudziwa dzina limene amapita nalo."

"Ndibwera ndidzafotokoze ndekha."

"Mukabwera kudzawaikira kumbuyo, ndiye mwawamaliza."

Sananene choti ndichite. Anangokweza maso n'kuyang'ana thandala kwa kanthawi, kenaka anatsanzika.

Ndinamva bwino lomwe zimene maso ake ananena, koma ndinauma khosi. Ndinkadziuza kuti ndikagwetsa thandala ndiye kuti ndavomera mlandu. Zoona zake n'zakuti ndinkaumirira zipatso zanga. Zinali zitakhwima, zobiriwirabe, zongotsala masabata awiri kuti ziyambe kupsa. Lolemba linadutsa. Lachiwiri ndinaganiza zotchinga mbali ya kumpanda ndi mkeka, koma kuti ndiumange ndinayenera kukweranso pampando. Lachitatu ndinaphunzitsa ana zinthu zimene ine ndemwe sindinkazimva, ndipo pobwerera ndinkaona amayi akusiya kulankhula ndikamayandikira.

Lachinayi madzulo mkazi wanga, amene ankaloledwa kulowa kuseriko, anabwerako nkhope ili gwa.

"Kuyambira Loweruka sanatulukeko ngakhale pabwalo. Akuphikira m'nyumba, zitseko zotseka, utsi okhaokha. Akuopa kuti mutulukiranso pamwambapo. Kabwalo kameneko ndi kokhako kamene anatsala nako, inu mwawalanda."

Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Komabe ndinagona thandala lili chiimire.

Lachisanu ndinaweruka msanga. Ndinanola chikwanje n'kudikira mpaka nditamva mawu a amuna mumsewu akuchokera kumzikiti. Ndinkafuna aone ndi maso awo. Ndinayamba ndi tsinde, lonenepa ngati dzanja la mwana, ndipo linaduka ndi kutema kumodzi kokha. Zimenezo zinandipweteka, kuti chinthu cha zaka ziwiri chingathe mosavuta chotero. Kenaka ndinatema nsanamira. Thandala linapendekera kumpanda, ndinaona kuti ligwetsa bango lonse n'kusiya bwalo la mayi uja poyera. Ndinataya chikwanje n'kulikoka ndi mphamvu zanga zonse mpaka linagwera mbali yanga, nsungwi ina n'kundicheka pamkono.

Ndinakokera zonse kumsewu, masamba, nsungwi ndi zipatso zomwe, n'kuziunjika poonekera. Amuna aja anali ataima chapatali, atavala mikanjo yawo yoyera. Bambo wa ndevu zoyera uja anayang'ana muluwo, anayang'ana magazi pamkono panga, n'kutsogolera anzake kulowa kuseri kwa mpanda.

Anakhalako nthawi yaitali. Ine ndinakhala pakhonde, kumangomva mawu a Chiyao akukwera ndi kutsika, osatolapo kanthu. Mbuzi za eni zinabwera n'kuyamba kudya masamba pamulu paja, ndipo sindinazithamangitse. Chakumadzulo mkazi wanga anapitako, n'kubwera ndi mawu akuti mayi aja sachoka.

Anamaliza eda yake m'nyumba ya mwamuna wake. Koma mbiri ikatuluka sibwerera m'kamwa. Kumjigo ankamunenabe, ndipo patangotha mwezi umodzi anamanga katundu yekha kubwerera kwao ku Malindi. Mkazi wanga anamuthandiza kusenza mitolo mpaka pokwerera galimoto. Atabwerako ndinazungulirazungulira ndi mafunso ena, kenaka ndinafunsa chimene chinali kumtima.

"Za ine ananenapo kanthu?"

"Anena," anatero akuvula nsapato. "Akuti za moni zija alibe nazo mangawa, simunadziwe. Koma akuti ndikufunseni: kuyambira Lamulungu mpaka Lachisanu, munkadikira chiyani?"

Yankho loti ndingalinene pamaso pa munthu ndilibe mpaka lero.