Mphira imene apongozi anamanga pa mpopi wanga

Nkhani iyi ndikaifotokoza pabawo anzanga amati ndathira mchere wambiri, koma amene anali cha ku Lobi m'zaka zimene matipate anali atangolowa akudziwa kuti sindikunama, chifukwa zinachitika dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Maina sinditchula, poti ena mwa anthuwo ndimadya nawo mbale imodzi mpaka lero.

Ine ndinali wowotcherera zitsulo, wokonza ngolo ndi mawilibala, ndipo ndinkakhala chikamwini kwa mkazi wanga. Moyo wa mkamwini mukuudziwa: apongozi aakazi ukawaona akubwera panjira umapatukira kutchire, apongozi aamuna akalankhula umangovomera ngakhale anene kuti ng'ombe ili ndi mapiko. Tsiku lina ku vidiyo ndinaona chombo choyenda pansi pa madzi, ndipo mtima unandiuza kuti nanga si zitsulo zomwezi? Masiku amenewo aliyense ankati tamasuka, ndiye ine ufulu wangawo ndinapita nawo ku damu lakale la esiteti kumunsi kwa mudzi. Ndinali nditatopa kutchedwa mwamuna wa uje.

Chombocho ndinachipanga ndi thanki yakale ya dizilo, yokwana munthu mmodzi wogwada, ndipo m'mbali ndinamangirira migolo iwiri yoboola kunsi. Nzeru yake ndi ya chigubu: ukachiviika chozondoka madzi salowa mpaka utaboola pamwamba. Ndiye pamwamba pa mgolo uliwonse pankafunika mpopi, woti ndikatsegula mpweya uthawe, madzi alowe, chombo chimire, ndipo ndikatseka n'kulowetsa mpweya wa m'botolo lachitsulo limene ndinapopetsa kwa okonza matayala, madzi atuluke, chombo chiyandame. Mipopi imeneyi ndiyo inandisowetsa tulo. Mavavu a njinga anali ochepa kukamwa, mpweya unkatuluka ngati ukupempha chilolezo, ndipo mipopi yopotokola ija inkafuna kuzunguza mpaka dzanja kuwawa. Ndinakhazikika pa mipopi ya chogwirira yotseka kamodzi n'kamodzi, n'kuilumikiza iwiriyo ndi ndodo imodzi yachitsulo yolowa mpaka m'kati, chifukwa poyesa chopanda munthu mgolo umodzi unkadzadza msanga, chombo n'kupendekeka.

Tsiku lolowa linali la mu Juni, chisanu chathu cha ku Dedza chija. Alamu anga ankaseka kuti paja mkamwini ndi mlamba, lero akubwerera kwawo. Tinamanga unyolo kuchokera ku chombo kufika pa goli la ng'ombe za apongozi aamuna, ndipo tinapangana kuti ndikagogoda thanki ndi sipanala, akoke.

Ndili pafupi kulowa, apongozi aamunawo anazungulira chombo manja ali kumbuyo, anatchera khutu pa mpopi wa kumanzere, n'kunena kuti akumva kampweya kakutuluka. Anasolola mphira ya chubu m'thumba, imene kwathu timamangira chilichonse kuyambira mtolo wa panjinga mpaka chitseko, n'kukulunga khosi la mpopiwo mwaluso, kuphatikizapo tsinde la chogwirira. Ine ndinaona ndi maso angawa kuti mphirayo yadutsa pamene chogwirira chimakagona chikatseka. Kodi mkamwini amamasula mfundo ya apongozi ake anthu akuona? Ndinaomba m'manja, n'kuthokoza, n'kulowa.

Kumira kunayenda bwino moti ndinadzitama ndekhandekha m'katimo. Kuwala kwa pa kagalasi koonera kunja kunasanduka kobiriwira, kenaka kwakuda, thanki inakhala pa matope mofewa, ndipo kuzizira kunalowa m'mawondo. Nditati basi ndaonetsa, ndinakankha ndodo kuti nditseke mipopi. Inafika pakati n'kubwerera yokha. Ndinakankhanso ndi manja awiri, inabwereranso, ndipo poti mipopi yonse inali pa ndodo imodzi, mphira ya pa umodzi inagwira yonse iwiri. Mantha atandigwira ndinatsegula botolo la mpweya poganiza kuti mwina mphamvu yake ikwanira, koma ndinangomva mpweyawo ukubwebweta kutulukira pamwamba mpaka botolo linati zii.

Ndinagogoda. Palibe anakoka. Ndinagogoda mpaka sipanala inandipulumuka n'kugwera m'madzi amene anali atayamba kudontha pa bowo la ndodo. Kupuma kunayamba kuvuta ngati wina wandikhalira pachifuwa, mutu unkagunda, ndipo ndinalira ndithu ngati mwana, kuitana mayi anga amene anali atamwalira kalekale. Ndinenenso zinazi, poti ndalonjeza zoona: m'mimba munamasuka, ndinadziipitsira.

Za kumtunda anandiuza ndi mkazi wanga. Akuti thovu litabuka pamadzi, apongozi aamuna anati chimenecho ndicho chizindikiro chakuti makina akugwira ntchito, ndipo kugogodako atakumva anati mwanayo akukonza zinthu zake, asamusokoneze, mpopi aumanga okha. Amuna onse anaima ndi ng'ombe, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kutsutsa mkulu. Amene anadula nkhani ndi apongozi aakazi. Akuti anawauza amuna awo pamaso pa anthu kuti nawonso ndi mkamwini, anabwera pamudzipo ndi khasu lokha, ndipo mwamuna wa mwana wawo safera m'damu iwo ali chiimire. Analanda chikoti n'kuzikwapula ng'ombe okha.

Ndimakumbukira kugwedezeka, kenaka kuwala. Loko ya chivundikiro cha thanki ndinaimasula, koma mphamvu zodzuka ndinalibe. Nkhope yoyamba kusuzumira inali ya mayi amene chikwatirire ndinali ndisanawayang'anepo m'maso. Anandigwira m'khwapa, anandikokera kunja ndili m'mene ndinalirimo, ananditsuka ndi madzi a m'damu momwemo, n'kuvula chitenje chawo chapamwamba kundifunditsa. Ine ndinawakakamira m'khosi ndikusisima, alamu anga akuyang'ana pansi. Kunena zoona, pa nthawi imeneyo ndinalakalaka akanandisiya pansi pomwepo.

Apongozi aamuna sanatchulepo za mphira ija mpaka anamwalira, inenso sindinawafunse. Aakaziwo kuyambira tsiku limenelo ankandipatsa moni poyera, ati munthu amene anamusambitsa sangamuthawenso, koma ine moni wawo ndinkauyankha maso ali ku zala za kumapazi. Panatha miyezi ndisanapite ku msika wa ku Kabwazi, poti nkhani inali itafika kale kumeneko.

Ena pamudzipo amati damu lija lili ndi eni ake amene sanafune chitsulo m'nyumba mwawo. Ine sinditsutsa za mizimu, koma chimene ndinachiona ndi mphira, ndi pakamwa panga pamene panatsekeka nthawi yoti patseguke. Ulemu ndi wabwino, ana anga ndimawaphunzitsa. Koma inu amene mumapanga zinthu ndi manja, chinthu chimene mwakolekapo moyo wanu musalole wina achigwire, kaya ndi ndani, ndipo akachigwira masulani iye akuona. Kuli bwino akutcheni wamwano muli pamtunda kusiyana n'kuti apongozi anu akusambitseni mudzi wonse ukuonerera.