Lichero Lopetera Dzuwa

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndinaipeza imvi zitadzaza kale m'mutu, ndipo inandipeza yokha, ndikupeta mapira kuseri kwa nyumba kwathu ku Kasisi. Kulima ndalima, kubala ndabala, kulangiza akwatibwi ndalangiza, koma zonsezo palibe anazitchapo ntchito. Kulembaku ndinaphunzira mochedwa, kusukulu ya kwacha, ndiye mukaona mawu anga akuyenda mokhotakhota ngati Shire, atsateni choncho, afika.

Tsikulo kunabwera Joana, mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi woyamba. Joana amajambula zithunzi za maukwati. Amene ankamuthandiza anali atapita kukadula nzimbe ku esiteti, ndipo mawa lake kunali ukwati ku Nchalo. Joana anangoima n'kumandiyang'ana. Ine ndikweza lichero, nditsitsa, ndipendeketsa kuti mankhusu apite ndi mphepo.

"Agogo, manja amenewo ndawafuna."

"Ukatani nawo manja a nkhalamba?"

"Mukandipetere dzuwa."

Anatulutsa m'chikwama chinthu chopindapinda, ndipo atachimasula chinatambasuka chokha, chozungulira, chachikulu kuposa lichero langa. Ojambula amati rifulekita. Ine lilime linakana, ndinachitcha lichero, ndipo Joana naye anazolowera choncho. Mbali ina ndi yasiliva, ina yoyera, ndipo ukatsegula zipi n'kutembenuza nsalu yake imatuluka mbali yagolide.

Ntchito yake ndi iyi. Kuno kuchigwa dzuwa limabwera pamutu penipeni, ndiye maso a munthu amalowa mumthunzi, pachithunzi amaoneka ngati maenje. Komanso nkhope yathu yakudayi ikakhala mu diresi loyera, kamera imasokonezeka: ikakonza diresi, nkhope imatayika, ikakonza nkhope, diresi limapsa mbee. Ndiye wogwira lichero amaima moyang'anizana ndi dzuwa, amalitapa, n'kulithira pansi pa chibwano cha mkwatibwi, pang'onopang'ono ngati wothira madzi mu ufa. Ndinali ndi zina zoyang'anira. Mabatire awiri otchaja ndi timakhadi tosungira zithunzi ndinkamanga pamfundo ya chitenje, pamalo pamene palibe wakuba anafikapo. Kansalu kopukutira lenzi, diso la kamera, ndinkasunga m'kapepala, chifukwa fumbi lathu silipempha chilolezo. Thukuta la mkwatibwi sapukuta ayi, umangodinda ndi tishu, dindi, dindi, kuti phaudala asachoke.

Ndipo Joana, mwana amene ndinamuchapira matewera ine, ndiye anali bwana. "Tsitsani, Agogo. Pendeketsani. Apo. Musapume." Ine osapuma. Ukwati ukatha ankandiika malipiro m'manja, ine n'kuvina nawo kuyambira pamsewu mpaka pakhomo.

Tinayenda, ife awiri, tinayenda. Ku Ngabu tinafika, ku Bangula tinafika, kufupi ndi dambo la Elephant Marsh tinajambula akwati ali mu bwato, ine madzi ali m'maondo, lichero lili m'mwamba. Pa njinga yamoto Joana kutsogolo ndi kamera, ine pambuyo, lichero kumsana ngati kamba. Masiku amenewo ndikawakumbuka, m'chifuwa mumatentha.

Koma Joana anali ndi njala imene malipiro sankaithetsa. Ku Blantyre kuli magazini ya maukwati, ilinso ndi tsamba lake pa intaneti, ndipo iye ankafuna kuti ukwati wakuno kwathu utulukemo, dzina lake lili pansi pake. Ankati wojambula amene watuluka mmenemo sasakanso ntchito, ntchito ndiyo imamusaka. Malamulo awo ndinawaloweza ngati katekisimu. Zithunzi zisakhale zoti zinaonekapo kale pa mafoni a anthu. Akwati asaine pepala lovomera, wosalemba adinde chala. Pakhale mayina a telala, wophika keke ndi wokonza tsitsi. Pakhalenso zithunzi za tizinthu, mphete, nsapato, maluwa, diresi lisanavalidwe. Zonsezo Joana ankasankha pa laputopu yake n'kutumiza.

Anatumiza koyamba, anabweza. Anatumiza kachiwiri, anabweza. Ulendo wachiwiriwo mayi amene amasankha zithunzi kumeneko analemba mawu, ndipo Joana anandiwerengera tili pamkeka: "Kuwala kwanu n'kwabwino, malonso ngokongola. Koma akwatibwi anu onse akuyang'ana pansi. Owerenga athu amafuna kuona nkhope." Anawonjezera kuti akukonza magazini ya maukwati akumudzi, malo atsala a ukwati umodzi, ndipo mwezi ukatha apatsa wojambula wina.

Mlandu umenewo mwini wake ndinamudziwa. Chifukwa amene amaweramitsa makosi a akwatibwi kuno ndi ndani? Ndi ife alangizi. Ndi ine amene. Timawauza kuti tsiku la ukwati mkwatibwi azolike, maso pansi, mano asaoneke. Woseka pa ukwati wake anthu amati wakondwa kusiya amayi ake, ena amanenanso zoipa kuposa pamenepo. Ana a anthu ambirimbiri ndinawaphunzitsa zimenezi, ndipo anamvera bwino, mpaka anatsekera mdzukulu wanga khomo.

Mwezi umenewo tinali ndi ukwati umodzi wokha wotsala, wa Malita ndi Zuze, ku Chapananga. Inali nyengo ya Okutobala, pamene ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pansi pa nkhokwe. Tinafika m'mawa fumbi lili m'makutu. Joana anayamba ndi tizinthu tija. Diresi analipachika pa nthambi ya msawu, mphete anaziika pa ngala ya mapira, keke anaijambula mofulumira isanayambe kutsetsereka ndi kutentha. Zonse zinkayenda bwino mpaka tinakumana ndi a Nachanza, mlangizi wa Malita, mayi wamtali wouma ngati mtengo wa tsanya, amene ankayenda pambuyo pa mkwatibwi ngati mthunzi wake.

Cholakwa cha tsikulo chinali changa, sindibisa. Potuluka m'tchalitchi masana, nthungululu zili m'mwamba, mapazi anga anayamba okha kuvina, ndipo ndinaiwala kutembenuza lichero. Ndinatapa dzuwa la masana ndi mbali yasiliva n'kumuthira Malita m'maso. Mwana anaphethira, misozi mbwe, phaudala anachita mizere mpaka pachibwano.

"Mwabwera kudzajambula kapena kudzawotcha mwana wa eni?" anatero a Nachanza, anthu onse akumva. "Chimbale chimenecho ndisachionenso pafupi ndi mkwatibwi wanga."

Joana sanandikalipire. Anangobwera pafupi n'kunena chapansipansi, "Masana ndi mbali yoyera, Agogo." Bola akanandikalipira.

Ndinapinda lichero n'kukhala kumbuyo ndi ophika. Perekaniperekani yense anadutsa, anthu akuvina, fumbi likukwera, Malita khosi pansi ngati mpendadzuwa wofota. Joana ankagwada, ankagona chafufumimba m'dothi kuti mwina aipeze nkhopeyo kuchokera pansi, koma popanda lichero inkangotuluka mdima pansi pa velo. Ndinamuona akuyang'ana kumbuyo kwa kamera, akudina, akudina, kenako n'kuitsitsa. Nkhope ya Joana imeneyo ndimaidziwa. Ndi imene ankachita ali mwana akafuna kulira koma pali alendo.

Dzuwa litapendekera kumapiri, inafika nthawi imene ojambula amaikonda, pamene kuwala kumafewa n'kufiira ngati uchi. Sikukhalitsa. Ukatereka madzi a tiyi, asanawire kwatha. Joana anapempha akwati kuti apite pansi pa mlambe kuseri kwa mudzi, ndipo a Nachanza anatsatira. Inenso ndinatsatira chapatali, lichero lili m'khwapa.

"Malita, kwezako nkhope pang'ono," anatero Joana.

"Nkhabe," anakana a Nachanza m'Chisena, mawu amodzi ngati kutseka chitseko. "Ameneyu si wa m'tauni. Apongozi ake ali apo, akuona."

Pamenepo ndinapita. Ndinagwada pafupi nawo, maondo akulira, n'kuwomba m'manja.

"Anzanga, ndinalakwa masana, pepani. Inenso ndine mlangizi ngati inu, mwambowu ndimaudziwa, ndauphunzitsa. Koma ndikufunseni. Tsiku la ukwati wanu, amuna anu ankaoneka bwanji?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndiye ndinawauza zanga, ndipo poti ine mawu akandilemera amasanduka nyimbo, ndinachita kuwaimbira. Ndinati ine pa ukwati wanga ndinazolika bwino, ndinazolika mpaka mudzi wonse unanditama. M'mawa ndinaona nsapato, masana ndinaona nsapato, madzulo ndinaona nsapato. Nsapato za amuna angazo zinali zofiirira, zobwereka, zazikulu, atazitsendera mapepala kuchidendene kuti zisavuke. Wojambula kunalibe. Anthu anandiuza pambuyo pake kuti bambo akunyumba anavala jekete, ena akuti ankamwetulira tsiku lonse, alongo awo akuti analira. Ine sindinaone. Tinakhala zaka zambiri. Nkhope yawo yaukali ndinaidziwa, yotopa ndinaidziwa, yodwala ndinaidziwa, ndipo ndine ndinawatseka maso. Koma nkhope ya tsiku limene anandifuna pamaso pa anthu, imeneyo ndilibe. Ndikawalota atavala jekete, ndimalota nsapato.

Dzuwa linali likutsika, Joana akuluma mlomo. Kenako a Nachanza anapuma mwamphamvu.

"Anu bola anali ndi nsapato. Anga ndinangoona zala. China chinalibe chikhadabo."

Tinaseka, nkhalamba ziwiri, kuseka kwa pansipansi kumene kumayandikana ndi kulira. Atapukuta m'maso ndi nsonga ya duku anatembenukira kwa mkwatibwi.

"Kamera usaiyang'ane. Mwamuna wako, kamodzi. Ine ndikuyang'ana mbuzi uko." Ndipo anatembenukadi.

Ndinadzuka, ndinatsegula zipi, ndinatulutsa mbali yagolide. Ndinalikweza. "Tsitsani, Agogo," anatero Joana, mawu ali ng'ono. "Pendeketsani. Apo. Musapume."

Malita anakweza maso pang'onopang'ono, ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza. Anapeza Zuze tayi itapotokera kukhutu, thukuta lili chuchuchu, akumuyang'ana ngati waona mvula yoyamba. Mwana sanaonetse mano, mwambo sanaswe, koma nkhope yonse inaseka. Ine ndinatapa dzuwa lomaliza la Chapananga n'kulithira patsaya lake. Kamera inalira katatu. Kenako dzuwa linalowa kuseri kwa phiri, ndipo Malita anabweza khosi pansi.

Milungu yotsatira inali yovuta mwa mtundu wina. Achibale ankafuna zithunzi pa mafoni awo, ife tikukaniza chifukwa cha lamulo lija. Wovutitsitsa ndinali ine ndemwe, pakamwa pankandiyabwa, ndinkangouza nkhuku. Akwati anasaina pepala, Joana anatumiza. Ndiye tsiku lina ndinamva njinga yamoto ikuimba hutala kuchokera kutali, Joana ataimirira pamwamba, magazini ili m'mwamba. Masamba awiri athunthu. Mlambe, diresi, mphete pa mapira, ndi Malita akuyang'ana mwamuna wake. Pansi pake dzina la mdzukulu wanga, limene ndinaliwerenga ndekha, chilembo ndi chilembo, chala chili pa pepala. Ndinaimba nthungululu mpaka mawu anatha, ndinavina mpaka oyandikana nawo anabwera kudzafunsa ngati kwabadwa mwana.

Zimene Joana ankanena zinali zoona. Ntchito inayamba kumusaka. Loweruka lino ku Blantyre, linalo ku Lilongwe, kenako anati mayendedwe akumudyera nthawi, akufunika kukhala ku Blantyre komweko. Ndinamuthandiza kumanga katundu ndikuimba, chifukwa ndikanasiya kuimba akanaona. Kumeneko ali ndi magetsi oima pa miyendo yachitsulo, amene satopa manja, saiwala mbali, savina potuluka m'tchalitchi. Lichero anandisiyira. "Sungani, Agogo, ndikabwera ndi ukwati wakuno tidzaligwiritsa." Amaimba foni Lamulungu, amatumiza sopo ndi shuga, ndi mwana wabwino. Ukwati wakunowo sunapezekebe.

Ndikanadziwa kuti kuwala kumene ndinathira patsaya la Malita n'komwe kudzamuunikire Joana njira yochokera kwa ine, kodi ndikanalipinda lichero? Ndadzifunsa, ndadzifunsa. Ayi. Ndikanaligwira chimodzimodzi, osapuma.

Magazini ija ndimaisunga mu jumbo pansi pa matiresi, chifukwa cha chiswe. Alendo akabwera ndimaitulutsa, ndipo amafunsa, "Nanga inu muli pati, Agogo?" Ndimaloza patsaya la mkwatibwi, pamene pakuwala ngati uchi. Ndimati apa. Wogwira lichero saoneka pachithunzi, akaoneka ndiye kuti waima polakwika. Zimenezi ndiye ndinatengako ku ntchito, ndi chinanso chimodzi. Masiku ano akandiitana kukalangiza, ndimaphunzitsa zonse monga kale, kuzolika, ulemu kwa apongozi, mano osaoneka. Koma pomaliza ndimamukokera mwana pafupi n'kumunong'oneza kuti dzuwa lisanalowe, akweze maso kamodzi amuone mwamuna wake, asunge.

Loweruka madzulo, dzuwa likafewa, nthawi zina ndimatulutsa lichero lija kuti lisachite nkhungu. Ndimalitambasula pabwalo, ndikweza, nditsitsa, ndipendeketsa. Kuwala kumayenda pakhoma, kumadutsa pa mpanda, kumakagwera pamsewu wochokera ku Blantyre. Ndimaligwira pamenepo pang'ono, mpaka manja atatopa.