Chigongono cha amayi ndi mwendo wa mbuzi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anaterereka m'matope ku Freedom Park atasenza ndowa, n'kuthyoka mkono wamanja pafupi ndi chigongono. Munali mu 2010, titangotha chaka ku Joni. Bambo ankalawirira kumgodi, choncho wosamala amayi ndinali ine.

Atawachotsa chikhakha kuchipatala ku Rustenburg, mkono unatuluka wowonda, wotuwa, wokhota ngati chikwakwa. Anesi anati aziupinda ndi kuuwongola tsiku lililonse, apo ayi udzauma choncho mpaka kalekale. Amayi anayesa masiku awiri, misozi ili chuchuchu. Ine sindinapirire. Kwathu wodwala sagwira ntchito, ndiye ndinaukoleka mkonowo m'chitenje, n'kumawasambitsa, kuwaveka, ngakhale kuwagwirira kapu ya tiyi. Ndinkadziona ngati mwana wabwino zedi.

Kumapeto kwa mzere wathu wa tinyumba ta malata kunkakhala Che Saidi, bambo wachikulire wa ku Mangochi amene anasiya mgodi atavulala bondo. Ankazinga mbuzi za Asilamu anzake n'kumagulitsa nyama pakashedi. Loweruka lina tinapita kukagula zam'kati, iwo n'kuona chitenje chija. Anafunsa kuti papita nthawi yaitali bwanji chichotsereni chikhakha. Amayi anati masabata atatu. Anafunsanso amene anamanga mkonowo, ine ndinaloza pamtima panga, maso ali pansi.

Sanandikalipire. Anatenga mwendo wakumbuyo wa mbuzi, n'kulowetsa nsonga ya mpeni pomwe ntchafu imakumana ndi chiuno. Munatuluka mutu wa fupa wobulungira, woyera, wonyezimira. Anati ndiukhudze. Unali wosalala, wonyowa ndi timadzi toterera ngati therere.

"Ukuona, Esinati? Mpira uwu umakhala m'kambale kake, umazungulira mbali zonse. Phewa lako ndi chiuno chako n'chimodzimodzi. Tazunguza mkono."

Ndinazunguza, anthu ogula akuseka. Kenako anandionetsa bondo la mbuziyo, kuti limangotseka ndi kutsegula ngati chitseko, ndipo anati chigongono chimayendanso motero. Anapukusa mutu ngati akukana, kuti ndione mmene fupa la pamwamba pa khosi limazungulira pa linzake. Anagwedeza dzanja, n'kunena kuti pamene limalumikizana ndi mkono pali timafupa tambiri totsetserekerana. Anamaliza ndi chala chachikulu, chimene chimatha kupatsa moni zala zonse zinayi, chifukwa patsinde pake chinakhala ngati munthu wokwera bulu. Zonsezi anati anaziphunzira pamaphunziro a chithandizo choyamba kumgodi, zina atagona m'chipatala ndi bondo lake.

"Chitseko chimene sichitsegulidwa chimachita dzimbiri. Chifundo chako chikuwatsekera amako mkono, mwanangu."

Ndinalira pomwepo, pakati pa ntchentche ndi fungo la nyama.

Kuyambira tsiku limenelo, Che Saidi ankabwera masana aliwonse akatha kuswali, akutsimphina. M'nyumba sankalowa, ndipo mkono wa mkazi wa mwini sankaukhudza. Ankakhala pakreti panja, n'kupinda mkono wawo womwe kuti ndione, koma ogwira ntchitoyo anali manja anga. Ndinkathowa chigongono ndi madzi ofunda, amayi n'kumapinda okha pang'onopang'ono, ine nditachirikiza. Amayi akabuula, ndinkafuna kusiya. Che Saidi ankangoti, "Achemwali, kumgodi tinkati kancane kancane, ndiye kuti pang'onopang'ono. Pang'ono pokha, koma osadumpha tsiku." Ankatiletsanso kukoka mwamphamvu, ati chigongono sachita nacho makani.

Zinatenga miyezi. Mkono sunawongoke wonse, mpaka lero ndi wokhota pang'ono. Koma m'mawa wina ndinadzuka n'kupeza amayi ataima pagalasi, manja onse awiri ali kunkhongo, akudzimanga okha mpango. Ndinangothamanga kukauza Che Saidi, ndipo iwo anaseka mpaka kutsokomola.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo maina achizungu a mfundo za thupi sindiwadziwa. Koma pano ndili ndi mwana wa miyezi khumi. Akamalimbana kuti aimirire, timawondo tikunjenjemera, manja anga amafulumira kuti amunyamule. Ndimawabweza, n'kukhala pansi pafupi naye, mtima ukuwawa, n'kumusiya ayesenso.