Mankhwala ankamwa NyaGondwe, wodwala ndinali ine

Chizindikiro choyamba chinali ndevu. Ndinafika zaka makumi atatu ndili ndi tindevu towerengeka pachibwano, ndipo alangizi anzanga a zaulimi ku Mwazisi ankandinena kuti lezala limodzi limandikwanira chaka chonse. Ndinkatopanso msanga. Ndikapalasa njinga kukayendera alimi a fodya, pobwera ndinkangofuna mphasa. Ndinkati ndi dzuwa.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatira konkuno. Mkazi wanga, NyaGondwe, anakhala nane zaka zinayi osaima. Monga zimakhalira, maso onse anali pa iye. Anamwa mizu yowawa ya asing'anga atatu, anapitanso kuchipatala kawiri, komwe anamuuza kuti alibe vuto. Ine palibe anandifunsa kanthu, ndipo nanenso sindinadzifunse.

Mu June chaka chachinayicho apongozi anga aamuna anandiitana. Anati mosakaniza ndi Chitumbuka, "Mkweni, mwatisungira mwana wathu makora chomene. Tikupatsani mng'ono wake Lusungu akhale mbirigha, nyumba yanu isafe." Mbirigha ndi mkazi wachiwiri amene makolo a mkazi amapereka okha kwa mkweni, kapena kuti mkamwini. Lusungu anali Fomu 3. NyaGondwe anakhala pakhomo, maso pansi. Ndinachita manyazi, ndipo ndinapempha kuti andidikire miyezi itatu.

Lolemba lotsatira ndinapita kuchipatala cha pa boma. Ananditumiza ku Mzuzu, komwe anandipatsa kabotolo koti ndiikemo umuna. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana. Anayeza kawiri, motalikitsa masabata anayi, ndipo maulendo onse awiri sanapezemo mbewu. Dokotala anandiyeza thupi, nafunsa za ndevu ndi kutopa kuja, kenako anatenga magazi oti akayezedwe kunja kwa dziko. Zotsatira zinabwera kumapeto kwa September.

Dokotalayo anajambula zilembo papepala. Anati, "Chibadwa cha munthu chimasungidwa m'tizinthu totchedwa makromozomu. Amuna ambiri ali ndi X mmodzi ndi Y mmodzi. Inu muli ndi X awiri ndi Y. Munabadwa choncho. Sanakulodzeni, ndipo akazi anu alibe mlandu."

Anandiuzanso mosabisa kuti kubereka kwa ine n'kovuta kwambiri. Ndinamva chisoni, koma chimene chinandipweteka koposa ndi mizu ija anamwa NyaGondwe pamalo panga.

Ndinapita kwa apongozi ndi pepala lija m'thumba la shati. Ndinawauza kuti munda ulibe vuto, mbewu ndiye palibe, ndipo kuwonjezera munda wina n'kungovutitsa mwana wasukulu. Anandithokoza, nati, "Yewo, mkweni. Amuna ambiri sakanabwera kudzanena."

Tsopano papita zaka ziwiri. Ndimabayitsa jakisoni wa mphamvu zachimuna pa masiku amene dokotala anandiikira. Jakisoniyo sabweretsa mwana, koma kutopa kunatha, ndipo lezala ndimagula mwezi ndi mwezi. Tikulera mwana wa malemu mchimwene wanga. Tsiku lina ndinafunsa NyaGondwe ngati akufuna kupita kumene angakabereke. Anayankha kuti anamwa kale zowawa zokwanira, ndisamuonjezere zina.

Amuna anzanga, chaka chikatha m'nyumba mulibe mimba, pitani nonse awiri kuchipatala, ndipo inu mukhale patsogolo. Kabotolo kaja n'kakang'ono, sikaluma. Ine ndinachedwa zaka zitatu, ndipo pang'onong'ono kuchedwa kwanga kukanamutulutsa Lusungu m'kalasi. Chaka chatha analemba mayeso a Fomu 4.